Batire Lakufa la Laputopu ndi Nyali ya pa Tebulo Lathu

Mu Januwale chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la pamalo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lathu linataya mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka ife okhala ku Matawale kuno ku Zomba tinazolowera kudya mgonero mumdima. Ine mdimawo sunandivute kwenikweni, popeza ndinakulira kwa Jali komwe koloboyi ndiye anali nyali ya banja lonse, koma m'nyumba mwanga munali mwana wa mlongo wanga amene ankakonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo kumuona atawerama pa kope, kandulo ili pafupi ndi tsitsi lake, maso ali psuu chifukwa cha utsi, kunkandisowetsa mtendere. Makandulo ankatha msanga, tochi ya pafoni inkamaliza moto umene tinkafuna kuimbira abale, ndipo nyali yotchaja imene ndinagula m'sitolo ina m'tauni inatithandiza milungu itatu yokha, kenako n'kusiya kusunga moto. Malume ndiye mwini mbumba, ndipo ndinaona kuti nkhani ya kuwala kwa mwanayu inali pamutu panga.

M'kabati munali batire la laputopu yakale limene ndinali nditalisunga zaka ziwiri popanda chifukwa chenicheni. Laputopuyo inali itayamba kuzima ndikangozula chaja, ndipo aliyense amene ndinamufunsa anandiuza kuti batirelo lafa. Loweruka lina ndinalitenga pamodzi ndi nyali yotchaja ija n'kupita nazo mumsika waukulu wa Zomba, kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi, amene benchi lake ladzaza ndi masipika ong'ambika, mabolodi obiriwira ndi timabotolo ta sikuluwu. Cholinga changa chinali kufunsa ngati nyaliyo ingakonzeke, koma bamboyo maso ake anagwera pa batire lija. Analitembenuza kawiri, n'kulowetsa mpeni wosathwa m'mphepete mwa pulasitiki, n'kulitsegula pang'onopang'ono ngati akusenda chinangwa. M'kati munali timabatire tozungulira 6, tofiira, togona tiwiritiwiri, tolumikizidwa ndi timalata topyapyala, ndipo pambali pake panali kabolodi kakang'ono kakatali.

"Achimwene," anatero bamboyo, "chinthu sichifa chonse tsiku limodzi. Tiyeni tiyeze kaye."

Anatenga mita yake yachikasu, imene amisiri amaitchula kuti multimeter, n'kuzunguliza kagudumu kake kufika pa 20 ya mbali ya DC, kenako n'kukhudza kabatire kalikonse kumutu ndi kumatako ndi timiyendo tiwiri, kofiira ndi kakuda. Tiwiri toyamba tinaonetsa ma volt 3.8, tiwiri totsatira 3.7, ndipo tiwiri tomaliza 1.1. Apa m'pamene anandifotokozera zimene zinachitikira laputopu yanga. Timabatire timeneti ndi ta lithium, ndipo timatchedwa 18650 chifukwa kalikonse n'konenepa mamilimita 18 ndi kotalika mamilimita 65. Kakadzaza kamafika pa ma volt 4.2, pogwira ntchito kamakhala cha pa 3.7, ndipo sikayenera kutsika kupitirira 2.5. M'batire la laputopu amatilumikiza m'magulu atatu otsatizana kuti pamodzi tipereke ma volt 11.1, ndipo kabolodi kaja ntchito yake n'kulondera magulu atatuwo. Gulu limodzi likafooka, kabolodiko kamatseka batire lonse kuopa ngozi ya moto, ngakhale magulu ena awiri akhale amoyo. Motero chimene ine ndinkachitcha chakufa kwa zaka ziwiri chinali ndi timabatire tinayi tabwinobwino, tongotsekeredwa chifukwa cha tinzake tiwiri.

Ndimaikumbukira mphindi imeneyo chifukwa inasintha kaonedwe kanga ka zinthu za m'nyumba. Kufikira tsiku limenelo, chipangizo cha magetsi kwa ine chinali ndi mikhalidwe iwiri yokha, kugwira ntchito kapena kufa, ndipo chikafa chinkapita kudzala kapena pamwamba pa kabati. Mita ija inandionetsa kuti pakati pa ziwirizi pali funso limene munthu wamba angathe kulifunsa ndi kuliyankha yekha, lakuti chafa n'chiyani makamaka. Nyali yotchaja ija itatsegulidwa, nkhani inali yomweyo: kabatire kake ka mtovu kanali katauma, koma timababu take ta LED tonse 8 ndi swichi zinali zamoyo. Tsiku lomwelo ndinagula mita yangayanga, yotsika mtengo, ya mtundu umene umalira ukakhudzitsa timiyendo take ku mbali ziwiri za waya wosaduka. Pa zida zonse zimene ndili nazo lero, imeneyi ndiyo ndingalangize munthu woyamba kumene kuti agule asanagule china chilichonse, ngakhale chowotcherera, chifukwa popanda kuyeza munthu amangoganizira, ndipo kuganizira n'kumene kumatayitsa zinthu zamoyo ndi kuotcha zabwino.

Bamboyo anandichenjeza zinthu ziwiri ndisananyamuke. Choyamba, timabatire tiwiri totsika tija ndisayese kutidzutsa, chifukwa kabatire ka lithium kakakhala nthawi yaitali katatsika chotero kamaonongeka m'kati, ndipo kuchajidwa kangatenthe mpaka kuyaka. Anatimata selotepi yakuda kumapeto onse n'kundiuza kuti ndisatitaye kudzala komwe timatentha zinyalala. Chachiwiri, timabatire tamoyoto ndisatichaje mwachindunji ndi chaja ya foni, popeza chajayo imatulutsa ma volt 5 pomwe malire a kabatire ndi 4.2. Pamafunika kabolodi koyang'anira kuchajako, ndipo kodziwika kwambiri ndi kamene kali ndi chip yotchedwa TP4056, kakang'ono kusiyana ndi bokosi la machesi, kolowetsapo chaja wamba ya foni. Kamayatsa kagetsi kofiira pamene kakuchaja, ndipo kabatire kakadzaza kamasiya kokha n'kuyatsa kagetsi kamtundu wina. Mtundu wabwino ndi umene uli ndi chitetezo chodula moto kabatire kakatsika kwambiri. Mnzanga wina amene amayenda kawirikawiri ku Limbe anandigulira tiwiri sabata yotsatira.

Vuto linabwera pa kuwotcherera. Chowotcherera cha magetsi chimafuna magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo tinalibe. Bambo uja anandionetsa chida chimene iye anaphunzirira ntchito ali mnyamata: kachidutswa konenepa ka mkuwa kosongoledwa ndi tupa, komangidwa ku waya wolimba wokhala ndi chogwirira chamtengo, kamene amakaika pa makala a mbaula. Ndinapanga changa kuchokera ku chidutswa cha waya wonenepa wa mkuwa, ndipo chimasunga kutentha kokwanira kulumikiza mfundo ziwiri kapena zitatu chisanabwerere pamoto. Solda imene timagwiritsa ntchito ndi chisakanizo cha tini ndi mtovu, magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu, ndipo imasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, kutentha kumene makala amakupitirira kutali. Chinsinsi chimene chinanditengera masiku kuti ndichimvetse n'chakuti munthu satenthetsa solda, amatenthetsa waya ndi mwendo wa chipangizo, ndipo solda imasungunukira pa zitsulo zotenthazo n'kuyenderera yokha ngati mafuta pa chiwaya. Mfundo yabwino imakhala yosalala ndi yonyezimira, pomwe yoipa imakhala chibulumwa chotuwa chimene chimathothoka ukachikoka ndi chala. Mfundo zanga zoyamba zonse zinali zibulumwa, ndipo apa m'pamene ndinavomereza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinathetsa zibulumwazo chinachokera kuphiri. Kuti solda igwire, chitsulo chiyenera kukhala choyera, ndipo mankhwala oyeretsera otchedwa flux, amene amisiri amagula m'timabotolo, mtundu wake wakale kwambiri ndi utomoni wa mitengo ya paini woyengedwa. Ife a ku Zomba mitengo imeneyi tili nayo pamwamba pathu. Lamulungu lina ndikukwera njira yopita ku damu la Mulunguzi, ndinatola timibulu ta utomoni wouma, wachikasu ngati uchi, pa khungwa la paini amene anali atavulala kale, n'kutiika m'kachitini. Ndikaviika nsonga ya waya mu utomoniwo ndi kuikhudza ndi mkuwa wotentha, pamatuluka kautsi konunkhira nkhalango, ndipo solda imafalikira pawaya nthawi yomweyo. Sindidziwa chinthu china m'ntchito imeneyi chimene chinandisangalatsa ngati kuona kuti phiri limene ndimaliona m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko lili ndi gawo pa kabolodi kamene kanapangidwa kutali kwambiri ndi kuno.

Kababu koyamba ndinakaotcha. Ndinali ndi changu chofuna kuona kuwala, ndipo ndinakalumikiza mwachindunji ku kabatire kodzaza. Kanawala mothobwa m'maso, kenako kuwalako kunayamba kubiriwira, ndipo pasanathe mphindi kababuko kanazima osayakanso. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali ndisanafunse chifukwa chimene pa bolodi la nyali yakale ija panali timaresistor pafupi ndi timababu. Kababu koyera ka LED ka mtundu wamba kamafuna ma volt pafupifupi 3.1 ndi ma milliamp 20, koma sikadziwa kudziletsa, moti kakapatsidwa mphamvu yoposa apo kamakoka moto wambiri mpaka kupsa. Resistor ndiyo imamwa mphamvu yotsalayo. Apa lamulo la Ohm, limene Georg Ohm wa ku Germany analifalitsa mu 1827, ndipo ine ndinaliloweza ku sekondale kuti ndikhoze mayeso basi, linapeza ntchito koyamba m'moyo wanga. Mukachotsa 3.1 pa 4.2 pamatsala 1.1, ndipo mukagawa 1.1 ndi 0.02, amene ndi ma milliamp 20 aja powerengera mu ma amp, mumapeza ma ohm 55. Resistor yoyandikira imene ndinaipeza yambiri pa bolodi la wailesi yakufa inali ya ma ohm 47, yodziwika ndi mizere yake yachikasu, yapepo ndi yakuda, ndipo ndinaika imodzi pa kababu kalikonse. Mwana wa mlongo wanga ndiye anachita masamuwo pa chikuto cha kope lake la Physics, ndipo atamaliza anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye kuti zimene timalemba zija zimachitikadi?"

Funso limeneli linandikhudza, chifukwa mwanayu anali wanzeru m'kalasi, wodziwa kujambula chizindikiro cha resistor ndi kuwerengera za ma circuit pa pepala, koma anali asanagwirepo resistor ndi dzanja lake. Sindikuimba mlandu aphunzitsi, amene ambiri amaphunzitsa ana ochuluka popanda zipangizo. Ndikungoona kuti bolodi limodzi la wailesi yakufa, limene wokonza mawailesi angakupatseni ulere, lili ndi ma resistor, ma capacitor, ma diode ndi ma transistor okwanira kalasi yonse kugwira ndi kuyeza.

Nyaliyo tinaipanga madzulo amodzi, kuyambira dzuwa litapendeka mpaka nsima itapsa. Timabatire tiwiri ta ma volt 3.8 tinatisiya tolumikizana monga tinalili, ndipo mawaya tinawawotcherera pa timalata totsalira tija, osati pa thupi la kabatire, chifukwa lithium sagwirizana ndi kutentha. Kabolodi ka TP4056 tinakamata m'kati mwa kontena yapulasitiki yonyamuliramo chakudya, titaboola kabowo kolowetsera chaja ndi kena ka swichi. Khosi la nyali linali waya wolimba wa hang'ala ya zovala, wopindika kuti kuwala kugwere pa buku, ndipo timababu 7 totsala tinatilowetsa m'mabowo amene tinaboola ndi msomali wotentha pa chivindikiro cha botolo lalikulu. Kuwala kwa LED kumalasa m'maso kukakhala kosaphimba, choncho tinadula pansi pa chigubu choyera cha mkaka n'kuvindikira, ndipo kuwalako kunafewa n'kufalikira tebulo lonse. Timababu 7 timakoka ma milliamp pafupifupi 140. Timabatire tija tili tatsopano tinalembedwa kuti kalikonse kamasunga ma milliamp-hour 2,200, kutanthauza kuti tiwiri tikanayatsa nyaliyo maola oposa 30, koma popeza tinali takale tinkatipatsa madzulo atatu a maola anayianayi. Kwa ife zimenezo zinali zokwanira, chifukwa m'masiku atatu magetsi sankalephera kubwera kwa maola angapo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo chaja inkakhala ili pakhoma kudikirira.

Mukayang'anitsitsa kababu koyera ka LED kali kozima, mudzaona kadontho kachikasu m'kati mwake. Kababuko kwenikweni kamatulutsa kuwala kwabuluu, ndipo kadontho kachikasuko ndi mankhwala amene amasandutsa gawo la kuwala kwabuluuko kukhala kwachikasu, ndipo ziwirizi zikasakanikirana maso athu amaona zoyera. Ma LED ofiira analipo kuyambira zaka za m'ma 1960, koma abuluu owala bwino anavuta akatswiri kwa zaka zambiri, kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan anapeza njira yake, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2014. Ndimaiganizira nkhaniyi ndikaona nyali zimene anyamata amagulitsa m'misika ya kwa Jali, ku Thondwe ndi ku Songani, zopangidwa ndi timababu tingapo, CD yakale yonyezimiritsa kuwala, ndi kabokosi kamatabwa koikamo mabatire atatu a tochi. Nyali zimenezi zachotsa koloboyi m'nyumba zambiri za kumudzi, ndipo amene amazipanga ndi amisiri enieni ngakhale palibe amene amawatchula choncho.

Ntchito imene inamukopa kotheratu mwana wa mlongo wanga inali yachiwiri, ndipo ndiyo ndimaikonda kuposa zonse. Tili ana, mabatire a wailesi akatha tinkawayanika padzuwa kapena kuwatswanya pang'ono ndi mwala kuti atipatse nkhani za madzulo amodzi owonjezera. Zoona zake n'zakuti batire la ma volt 1.5 limene wailesi yalikana limakhala likadali ndi mphamvu, kawirikawiri loposa volt imodzi, kungoti mphamvuyo siikwanira chipangizocho. Pali kadera ka magetsi (circuit) kakang'ono kotchedwa joule thief kamene kamakama mphamvu yotsalayo n'kuyatsa kababu koyera kofuna ma volt atatu. Kamafuna zinthu zinayi zokha: transistor wamba monga BC547, resistor ya ma ohm 1,000 yokhala ndi mizere yabulawuni, yakuda ndi yofiira, kababu ka LED, ndi kamphete kakuda ka ferrite kokulungidwa ndi waya. Kampheteko kamapezeka m'tsinde la babu lakufa la energy saver, ndipo potsegula tsindelo munthu asamale kuti asaswe galasi, chifukwa m'kati mwake muli mercury amene ndi poizoni.

Mtsikanayo anatenga mawaya awiri opyapyala a mitundu yosiyana, n'kuwakulunga pamodzi pa kamphete kaja maulendo 15, akuwerenga chapansipansi, lilime lili pakona pa mlomo. Chiyambi cha waya woyamba chimalumikizidwa ndi mapeto a waya wachiwiri, ndipo mfundo imeneyo ndiyo imapita kumutu kwa batire. Nsonga imodzi yotsala imadutsa pa resistor kupita ku mwendo wa transistor wotchedwa base, inayo imapita ku mwendo wina wotchedwa collector komwe kumakhalanso mwendo wautali wa kababu, ndipo mwendo wachitatu wotchedwa emitter pamodzi ndi mwendo waufupi wa kababu zimabwerera kumatako kwa batire. Atamaliza analumikiza batire lakale la rimoti, ndipo sipanaoneke kanthu. Ndinamuona nkhope ikugwa, koma m'malo mondipatsira, anatenga mita n'kuyeza batire, limene linaonetsa 1.05, kenako n'kuyeza mfundo iliyonse kuti amve ngati mita ilira. Zonse zinali bwino, ndipo panatsala chinthu chimodzi chokha. Anamasula nsonga za waya mmodzi wa pa kamphete n'kuzisinthanitsa, ndipo kababu kanayaka mbee m'manja mwake. Anakuwa mpaka amayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Chimene chimachitika m'kaderaka n'chakuti transistor imatsegula ndi kutseka njira ya moto maulendo masauzande ambiri pa sekondi imodzi. Ikatsegula, kamphete kamasunga mphamvu ngati maginito, ndipo ikatseka mwadzidzidzi, mphamvuyo imatuluka mokankha kwambiri kuposa batire lenilenilo n'kudutsa m'kababu. Kababuko kamaphethira mofulumira kwambiri moti diso limaona ngati kakuyaka mosalekeza. Waya wachiwiri uja ndiye amauza transistor nthawi yotsegula ndi yotseka, n'chifukwa chake akalumikizidwa chagada kadera konse kamakhala chete. Kanyali kameneka tinakaika m'kabotolo ka mankhwala kotha ntchito n'kukapachika m'njira yopita kubafa, ndipo kamadya mabatire amene anansi amatibweretsera m'malo mowataya.

Zina zimene tapanga kuchokera nthawi imeneyo ndi zazing'ono. Madzi a pampope kwathu nthawi zina amabwera usiku, ndipo mgolo umene timasiya pansi pa mpope unkasefukira tili m'tulo. Tinapanga kochenjeza ndi transistor imodzi, resistor, kabelu kochokera m'wotchi yakufa, ndi nsonga ziwiri zolendewera pafupi ndi mlomo wa mgolo, ndipo madzi akazikhudza zonse ziwiri amadutsitsa moto wochepa wokwanira kudzutsa transistor kuti belu lilire. Nsonga za mkuwa zinkachita dzimbiri lobiriwira pakangopita milungu yochepa, choncho tinaikapo timitengo takuda ta kaboni tochokera pakati pa mabatire akuluakulu a tochi, timene sitichita dzimbiri. Kafani ka m'kompyuta yakufa, ka ma volt 12, tsopano kamakupiza mbaula m'malo mwa chivindikiro cha poto.

Pali malire amene ndinadziikira, ndipo ndimawanena mosabisa kwa aliyense amene amabwera kudzaona tebulo langa. Sindipanga chilichonse cholumikizidwa mwachindunji ku magetsi a pakhoma. Magetsi athu ndi a ma volt 230, ndipo amapha. M'kati mwa chaja, wailesi yakanema kapena babu la energy saver muli capacitor imene imadzaza kufika pa ma volt pafupifupi 325, ndipo ingasunge mphamvuyo ngakhale chipangizocho chitazulidwa pakhoma. Ntchito zanga zonse zimathera pa ma volt 12, ndipo zoposa apo ndimapita nazo kwa amisiri ophunzira. Ngakhale pa mphamvu yochepayo, lithium amafuna ulemu. Tsiku lina ndinasiya kabatire kosamata pa tebulo, ndipo kachidutswa ka waya kanagwera n'kukhudza mbali zonse ziwiri. M'kanthawi kochepa wayayo anafiira ngati khala, pulasitiki yake inasungunuka, ndipo pochotsa ndinapsa chala chachikulu, chipsera chake chilipo mpaka lero. Kabatireko kanatentha moti ndinakanyamula ndi pulayala n'kukaika pamchenga panja mpaka m'mawa, ndipo sindinakagwiritsenso ntchito. Kuyambira pamenepo kabatire kalikonse kosagwira ntchito kamakhala komatidwa selotepi m'chitini chakechake, kutali ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Timawotcherera pakhonde pomwe pali mphepo, ndipo tikamaliza timasamba m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya, chifukwa mtovu wa mu solda ndi woopsa makamaka kwa ana.

Nthawi zambiri nkhani ya luso lotere ikayambika, anthu amatchula William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene mu 2002, ali ndi zaka 14 ndipo atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, dayinamo, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Ena amakumbukiranso Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene anapanga wailesi yake ya Pachikweza n'kumaulutsa mawu kumidzi yozungulira, mpaka anamangidwa mu 2009 chifukwa choulutsa popanda chilolezo. Anthu awiriwa ndimawalemekeza kwambiri, koma kakambidwe kathu ka nkhani zawo kamandidetsa nkhawa, chifukwa timazikamba ngati zozizwitsa zochitika kwa anthu obadwa mwapadera, ndipo tikatha kuombera m'manja timabwerera kunyumba kukakalipira mwana amene watsegula wailesi. Kamkwamba asanamange makina ake ankatsegula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi mwake. Mwana amene amapinda mawaya kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino ali kale ndi manja a ntchitoyi, ndipo chimene akusowa ndi wailesi yakufa imene angaitsegule popanda mantha a chikwapu, mita yoyezera, ndi munthu wamkulu wokhala naye pafupi kumuuza kuti apa gwira, apa usagwire. Ndimakhulupirira ntchito zazing'ono zotha madzulo amodzi chifukwa mwana amaona mapeto ake asanatope, ndipo ikalephereka chotayika chimakhala kababu kamodzi.

Mayeso atatha, agogo ena a mumzere wathu anabwera ndi wailesi yawo yaing'ono itakulungidwa m'chitenje, akudandaula kuti yasiya kulankhula ngakhale aikamo mabatire atsopano, ndipo akusowa pomvera mauthenga a maliro ndi mapemphero a m'mawa. Ine kunalibe, ndinali kuntchito. Pobwera madzulo ndinapeza agogowo atakhala pampando pakhonde, mtsikana uja atagwada pamkeka, wailesi ili chotsegula pamaso pake. Anali atayeza mabatire n'kupeza kuti ali bwino, atayeza kumapeto kwa mawaya ochokera m'chipinda cha mabatire n'kupeza kuti moto sukufika, ndipo potsatira njirayo anapeza kasipuling'i kodyeka ndi madzi oyera otuluka m'mabatire akale. Anakapala ndi sandipepa mpaka kunyezimira, n'kuwotchereranso waya amene anali atatsala pang'ono kuduka.

"Agogo, tayatsani tsopano," anatero akuwapatsira ndi manja awiri.

Wailesiyo inayamba ndi phokoso la mphepo, agogowo n'kupotoza pang'ono, ndipo mawu a woulutsa nkhani anamveka bwino lomwe. M'mawa mwake anatumiza mdzukulu wawo ndi mbale ya mbatata, pamodzi ndi tochi ziwiri zakufa zoti mtsikanayo akazione.

Iye tsopano anachoka, akupitiriza maphunziro, ndipo mita yoyamba ija anapita nayo, ine ndinagula ina. Nyali ya m'kontena ikadali pa tebulo, ndasinthapo swichi kamodzi ndi timabatire kamodzi. Pambali pake pali dayinamo ya njinga ya ma volt 6 imene mnyamata wina wa kabaza anandipatsa, ma diode anayi a 1N4007 owongolera moto wake kuti uziyenda mbali imodzi, ndi capacitor yaikulu yochokera m'wailesi ya galimoto. Mnyamatayo akufuna kuti nyali ya njinga yake isamazime akaima pa mphambano usiku, ndipo tagwirizana kuti abwere Loweruka masana akaweruka, ndi njinga yomwe, kuti tidzayeze kaye mphamvu imene dayinamoyo imatulutsa akamatsetsereka kuchokera ku Chinamwali.